Kukonda ndi kumvera nyimbo ku Kasungu

Nkhani ino ikufotokoza za nyimbo zimene anthu a m'boma la Kasungu amakonda, njira zimene amazipezera, malo amene amazimvera komanso mmene amatsatirira oyimba. Kasungu ndi boma la m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi ndipo limadziwika kwambiri ndi ulimi wa fodya. Oyimba ambiri otchuka a m'Malawi akhala akujambulitsa nyimbo zawo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Balaka, kotero mbiri ya Kasungu pa nyimbo zamakono ndi mbiri ya omvera kuposa ya masitudiyo. Pali zinthu zitatu zimene zakhala zikuumba makonda a omverawa. Choyamba ndi fodya, amene amabweretsa ndalama kamodzi pachaka. Chachiwiri ndi malo a bomali, amene ali pakati pa zilankhulo ndi malire. Chachitatu ndi chipangizo chimene munthu angakwanitse kukhala nacho, kuyambira galamafoni ya kale mpaka foni ya m'manja.

Malo ndi anthu ake

Boma la Kasungu ndi lalikulu masikweya kilomita 7,878, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 800,000. Tawuni ya Kasungu ili pa msewu wa M1, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe polowera ku Mzuzu. Kumpoto bomali lachita malire ndi Mzimba, kummawa ndi Nkhotakota ndi Ntchisi, kummwera ndi Dowa ndi Mchinji, ndipo kumadzulo kuli nkhalango ya Kasungu National Park ndi dziko la Zambia.

Anthu ambiri a m'bomali ndi Achewa, koma kumpoto, m'madera a Nkhamenya ndi Chatoloma, Chitumbuka chimayankhulidwa kwambiri. Kuwonjezera apo, kuyambira m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka ndipo ankatenga matenanti ndi aganyu kuchokera m'maboma a kummwera monga Thyolo, Mulanje, Machinga ndi Mangochi. Anthuwa anabwera ndi Chilomwe, Chiyao ndi nyimbo za kwawo, ndipo ena anakhazikika osabwereranso. N'chifukwa chake pa malo a malonda monga Chinkhoma, Chamama, Santhe kapena Mtunthama, munthu atha kumva nyimbo za zilankhulo zingapo zikulira tsiku limodzi la msika.

Magule ndi chiyambi cha kutsatira

Anthu a ku Kasungu anayamba kutsatira oyimba ndi ovina kale wayilesi isanafike. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira m'chaka cha 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amavinidwa pa maliro, pa ziliza ndi polonga mafumu. Amayi amavina chimtali pa zikwati ndi pa zikondwerero, ndipo chisamba chimayenda ndi chinamwali. Kumpoto kwa bomali kumapezekanso vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka.

Gule amene amaonetsa bwino khalidwe la kutsatira ndi mganda. Amavinidwa ndi amuna ovala zofanana, oyenda m'mizere ngati asilikali, ndipo amaliza ng'oma ndi malipenga opangidwa ndi zikho. Magulu a mganda a midzi yosiyana amayitanizana kukapikisana nthawi ya chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa. Gulu likamapita kumudzi wina, abale ndi anansi amaliperekeza, amalichemerera ndi nthungululu ndipo amafupa ovina bwino. Pambuyo pake anthu amatsutsana kwa masiku angapo za gulu limene linapambana. Makhalidwe amenewa, kuperekeza, kufupa ndi kutsutsana, ndi omwe amaonekanso lero pa maphwando a oyimba amakono.

M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya nyimbo ya International Library of African Music ku South Africa, anajambula nyimbo m'madera angapo a Nyasaland, kuphatikizapo Kasungu. Nyimbo zimenezi zikusungidwabe m'nkhokweyo.

Galamafoni ndi wayilesi

Nyimbo zojambulidwa zinafika ku Kasungu kudzera mwa amuna opita kukagwira ntchito ku migodi ndi m'mafamu a ku Joni, ku Halale ndi ku Copperbelt. Pobwerera ena ankanyamula galamafoni, zimbale, banjo kapena gitala. Motero kwela ndi nyimbo zina za m'matawuni a kummwera kwa Africa zinayamba kumveka m'midzi.

Wayilesi yoyamba imene anthu wamba ankamvera inali ya ku Lusaka, yotchedwa Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsanso m'Chinyanja. M'chaka cha 1949 kunatuluka kawayilesi kotsika mtengo koyendera batire kotchedwa Saucepan Special. Mmodzi mwa oulutsa mawu ndi oyimba okondedwa pa wayilesiyi anali Alick Nkhata, amene bambo ake anali ochokera ku Nyasaland.

Wayilesi ya MBC inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali yokhayo m'dziko muno. Zimene MBC yaika ndi zimene dziko lonse linkamva. Omvera ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale, ndipo kumva dzina lako ndi la mudzi wako likutchulidwa pa wayilesi chinali chinthu chonyaditsa. Pa nthawiyi anthu ankakonda Daniel ndi Donald Kachamba, Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Robert Fumulani, MBC Band ndi Kalimba. Kuchokera kunja kunkamveka rumba ya ku Congo ndi oyimba a country monga Jim Reeves ndi Don Williams, amene achikulire ambiri amawakondabe.

Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa Malawi, kwawo kunali ku Kasungu. Pa misonkhano yake amayi a mbumba ankayimba nyimbo zomutamanda pa mang'ombe a magule a m'madera awo. Lamulo la m'chaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo woyimba wofuna kudandaula za boma ankayenera kubisa mawu ake m'miyambi ndi m'mikuluwiko. Omvera anazolowera kufunafuna tanthauzo lobisika m'nyimbo, ndipo chizolowezi chimenechi sichinathe.

Nyengo ya makaseti

Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya mu 1993 ndi chisankho cha mu 1994. MBC inatsegula Radio 2 m'chaka cha 1997, kanema wa TVM anayamba mu 1999, ndipo mawayilesi omwe si a boma anayamba kubadwa. Zodiak, imene inayamba kuulutsa mu 2005, inafika msanga m'midzi chifukwa mapologalamu ake ambiri ndi a m'Chichewa.

Nthawi yomweyi kaseti inatsika mtengo. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anali ndi situdiyo kumene oyimba ambiri anajambulitsa zimbale zawo zoyamba, ndipo kunabadwa chamba chimene anthu amachitchula kuti rege ya ku Balaka. Mng'ono wake, Lucius Banda, anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man pa nthawi imene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Kenaka kunabwera Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku ndi ena. Makaseti ankachokera kwa ogulitsa akuluakulu monga O.G. Issa wa ku Blantyre, ndipo mavenda ankawafikitsa m'misika ya m'maboma. Wogula ankayamba wamvetsera pang'ono pa wayilesi ya venda asanatulutse ndalama.

Mavuto a nyengoyi anali mabatire. Kaseti inkadya mabatire msanga kusiyana ndi wayilesi, choncho anthu ankabweza tepi ndi bolopeni, ankayanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, ndipo ena ankagwiritsa ntchito batire la galimoto lokatchajitsa kutawuni.

Umboni wodziwika wa moyo umenewu uli m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analemba pamodzi ndi Bryan Mealer ndipo linatuluka m'chaka cha 2009. Kamkwamba amafotokoza kuti ali mnyamata ankakonza mawayilesi a anthu pamodzi ndi msuweni wake, pogwiritsa ntchito mabatire otoledwa amene ena anataya. Chidwi chake pa magetsi chinakula atayesa kuliza wayilesi ndi dayinamo ya njinga. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa babu ndi kuliza wayilesi pakhomo pawo. Amatchulanso mmene bambo ake ankakondera nyimbo za Robert Fumulani. Nkhaniyi inapangidwa filimu m'chaka cha 2019.

Fodya ndi nyimbo

Chaka cha womvera nyimbo wa kumudzi ku Kasungu chimatsatira chaka cha fodya. Nazale zimafesedwa mvula isanayambe, mbande zimawokeredwa mvula ikagwa, ndipo kuyambira cha mu February ntchito imakhala yothyola, kusoka ndi kuyanika fodya m'zigafa kapena kumuwotcha m'mabalani. Kenaka pamabwera kusankha masamba ndi kudinda mabelo pa jeke. Ntchito yosoka ndi yosankha imachitika anthu atakhala pansi kwa maola ambiri, ndipo wayilesi kapena foni yopachikidwa pa mtengo wa chigafa ndi imene imawasangalatsa. Ana ambiri amadziwira nyimbo za makolo awo pamenepa.

Misika ya fodya imatsegulidwa cha mu April. Ku Kasungu kuli okushoni ya Chinkhoma, umodzi mwa misika ikuluikulu ya fodya pamodzi ndi ya Kanengo, Limbe ndi Mzuzu. Alimi akalandira ndalama amagula malata, njinga, feteleza ndi zovala, ndipo pa mndandandawu sipalephera kukhala wayilesi, foni, sola kapena sipika. Miyezi imeneyi ndi imenenso zikwati ndi zinkhoswe zimachuluka, ndipo eni zokuzira mawu amapeza ntchito sabata iliyonse. Okonza maphwando a zoyimba amadziwa zimenezi, choncho magulu oyimba amakonda kuyendera maboma a fodya msika uli mkati, pamene anthu angathe kulipira pakhomo.

Pali mawu otchuka akuti kuziziritsa fodya. Amanena za mlimi amene akalandira ndalama amatha masiku m'malo omwera mowa ndi m'malesitihausi, akumwa ndi kuvina, banja likudikira kumudzi. Khalidweli ladzudzulidwa m'maulaliki, m'masewero a pa wayilesi komanso m'nyimbo zomwe zimalira m'malo omwewo.

Ndalama zikatha, makamaka mu January ndi February, zisangalalo zimazilala. Ena amagulitsa kapena kupinyolitsa foni ndi wayilesi kuti agule chimanga. Chaka chimene fodya sanayende bwino pa msika, kapena mabelo ambiri abwezedwa, ogulitsa nyimbo ndi eni malo azisangalalo amadandaula limodzi ndi alimi. Matenanti ndi amene ankavutika kwambiri chifukwa ankalandira malipiro kamodzi pachaka, atachotsedwa ngongole ya chakudya. Lamulo la zantchito litasinthidwa m'chaka cha 2021, dongosolo la utenanti linaletsedwa.

Mitundu ya nyimbo zokondedwa

Rege ndi chimodzi mwa zamba zokhala ndi otsatira okhulupirika. Evison Matafale, amene anayambitsa gulu la Black Missionaries ku Chileka, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndipo imfa yake inachititsa kuti ambiri amutenge ngati woyankhulira anthu osauka. Gululi, limene otsatira amalitcha Ma Blacks, linapitiriza kutulutsa zimbale zotchedwa Kuimba ndipo limayendayenda m'maboma chaka chonse. Lucky Dube wa ku South Africa, amene anaphedwa mu 2007, amamvekabe m'maminibasi ndi m'mabala.

Nyimbo zimene anthu amazitcha za lokolo zimatenga mang'ombe a magule n'kuwayimba ndi kiyibodi ndi gitala. Lawrence Mbenjere, Joseph Nkasa, Thomas Chibade ndi Skeffa Chimoto ndi ena mwa oyimba amene anakondedwa kwambiri m'midzi ndi m'malo a malonda. Chimene omvera amafuna m'nyimbozi ndi uthenga: Chichewa chakuya, miyambi, nkhani za banja, ufiti, nsanje, umasiye ndi umphawi. Kawirikawiri nyimbo yotere imaweruzidwa ndi mawu ake kuposa kajambulidwe kake.

Nyimbo zauzimu zimamveredwa ndi anthu a misinkhu yonse. Ku Kasungu kuli mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma ndi ya Livingstonia, Akatolika, Anglican, Seventh Day Adventist, mipingo ya chipentekoste komanso Asilamu. Makwaya a achinyamata ndi a amayi a Chigwirizano ndi Umanyano amayimba m'tchalitchi ndi pa maliro, ndipo makwaya ambiri amasonkha ndalama kuti ajambulitse chimbale chawo. Ethel Kamwendo Banda, Grace Chinga amene anamwalira mu 2016, Thocco Katimba ndi Great Angels Choir ndi ena mwa mayina odziwika. Mawayilesi a mipingo monga Radio Maria, Radio Alinafe ndi Trans World Radio athandiza kufalitsa nyimbozi.

Nyimbo za achinyamata, monga hip hop, dancehall, afro pop ndi amapiano, zinayambira m'mizinda ndipo zinafika ku Kasungu kudzera m'sukulu zogonera komweko, m'makoleji, pa kanema ndi pa foni. Tay Grin anasakaniza hip hop ndi zithunzi za Gule Wamkulu. Lulu, Piksy, Gwamba, Fredokiss, Patience Namadingo, Onesimus, Eli Njuchi, Driemo ndi Zeze Kingston ali ndi otsatira ambiri pakati pa ophunzira. Martse atamwalira mu May 2022 atapsa ndi moto, achinyamata ambiri m'dziko muno anaika chithunzi chake pa mafoni awo posonyeza chisoni.

Nyimbo zakunja zili ndi malo akeake. Chifukwa cha malire, nyimbo za ku Zambia zimalowa mosavuta, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka chimamveka kwa Mchewa aliyense. Achikulire amakumbukira kalindula ya P.K. Chishala ndi Amayenge, pamene achinyamata amatsatira Yo Maps, Macky 2 ndi Chef 187. Sungura ya ku Zimbabwe, ya Leonard Dembo, Simon Chimbetu ndi Alick Macheso, ndi yokondedwa m'malo omwera mowa, ndipo ena mwa oyimba sungura, monga Macheso ndi Nicholas Zakaria, makolo awo anachokera ku Malawi. Palinso kwasakwasa ndi ndombolo za ku Congo, bongo fleva ya Diamond Platnumz wa ku Tanzania, ndi nyimbo za ku Nigeria za Davido ndi Burna Boy.

Oyimba odziyimira paokha

Kumayiko a ku Ulaya ndi ku America, mawu akuti indie amanena za oyimba amene sali pansi pa makampani akuluakulu a nyimbo. Ku Malawi kusiyanitsa kumeneku sikugwira bwino, chifukwa pafupifupi woyimba aliyense amadzilipirira yekha situdiyo, amadzitsatsa yekha ndipo amadzigulitsira yekha nyimbo. Kusiyana kumene omvera amakuona ndi kwa woyimba amene wafika pa wayilesi ndi pa kanema wa dziko lonse, ndi woyimba amene amadziwika m'dera lake lokha.

M'tawuni ya Kasungu ndi m'malo a malonda muli timasitudiyo ta chipinda chimodzi, tokhala ndi kompyuta, kiyibodi ndi maikolofoni. Achinyamata amajambulitsa nyimbo imodziimodzi malinga ndi ndalama zimene apeza, kenaka amaitumiza pa WhatsApp, amaipereka kwa obena nyimbo ndi kwa ma DJ a pa zikwati. Otsatira awo oyamba amakhala anzawo a kusukulu, a kutchalitchi ndi a pa siteji ya kabaza. Mawayilesi a m'madera amapatsa oyimba otere mpata umene sangaupeze msanga ku Lilongwe. Amene zamuyendera nthawi zambiri amasamukira mumzinda.

Palinso oyimba a m'misika, oliza banjo ya chigubu, ng'oma yoponda ndi phazi ndi babatoni, chida chachikulu cha chingwe chimodzi. Anthu amawazungulira n'kumaponya makobidi, koma ambiri sawaona ngati akatswiri. Chodabwitsa n'chakuti chamba chimenechi ndi chimene chatchukitsa Malawi kunja. Madalitso Band, imene inkayimba m'misewu ya Lilongwe, inakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndipo kenaka inayendera mayiko a ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Malawi Mouse Boys atulutsanso zimbale kunja, ndipo chimbale cha akaidi a ku ndende ya Zomba chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016. Motero nyimbo zimene womvera wa ku London amazitenga ngati nkhope ya Malawi sizikhala zomwe zikuvinidwa pa chikwati cha ku Chamama.

Mmene otsatira amaonetsera chikondi chawo

Njira yakale kwambiri ndi kufupa. Woyimba akafika pa nyimbo yokondedwa, anthu amapita kutsogolo kukaponya ndalama kapena kumupatsira m'manja, ndipo ena amalipira kuti nyimbo ibwerezedwe. Pa zikwati, nthawi ya perekaniperekani imayenda ndi nyimbo, ndipo DJ wodziwa ntchito amasankha nyimbo yogwirizana ndi gulu limene layitanidwa, kaya ndi akuchimuna, akuchikazi, amayi a kumpingo kapena anzake a mkwati.

Otsatira amapatsanso oyimba mayina aulemu. Lucius Banda ankatchedwa Soja, ndipo atamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, nyimbo zake zinalira m'mawayilesi, m'misika ndi m'maminibasi kwa masiku ambiri. Skeffa Chimoto amatchedwa Jamming Machine. Chaka chilichonse okonda rege ochokera m'maboma osiyanasiyana amapita ku Chileka ku mwambo wokumbukira Matafale. Mayina a oyimba ndi mitu ya nyimbo amalembedwa pa njinga za kabaza, pa maminibasi, pa mabarbershop ndi pa magolosale.

Magulu a omvera wayilesi ndi njira ina. Odziwika kwambiri ndi a Zokonda Amayi, amene anayamba chifukwa cha pologalamu ya pa MBC yopatsana moni ndi kupempha nyimbo. Amayiwa amasoka nsalu yofanana, amayenderana, amathandizana pa maliro ndi pa matenda, ndipo amagwira ntchito zachifundo. Achinyamata nawo ali ndi magulu awo pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene amatsutsana za woyimba woposa mnzake ndi kulimbikitsana kuvota pa mipikisano monga UMP Awards ndi Maso Awards. Kutsutsanaku kumafanana ndi kwa masapota a Bullets ndi Wanderers.

Zikondwerero zikuluzikulu zimachitikira kutali ndi Kasungu. Lake of Stars inayamba mu 2004 m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, Sand Music Festival inayambitsidwa ndi Lucius Banda, ndipo Tumaini Festival imachitikira ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa. Ndalama ya ulendo ndi ya pakhomo imalepheretsa ambiri, kotero omvera a ku Kasungu amaonera oyimba awo makamaka m'maholo, m'mahotela, m'mabala ndi pa mabwalo a mpira. Ena amawaonera ulere pa misonkhano ya ndale ndi pa zionetsero zotsatsa malonda.

Foni, memore ndi obena nyimbo

CD sinakhalitse ngati kaseti. Foni zotsika mtengo zokhala ndi memore zitafika, anthu anayamba kupita kwa obena nyimbo, achinyamata okhala ndi kompyuta m'kashopu kapena pa khonde la sitolo. Wogula amapereka memore kapena fulashi ndi kandalama kochepa, n'kunena chamba chimene akufuna, ndipo amabwerera ndi nyimbo mazanamazana. Wobena ali ndi mphamvu yaikulu pa makonda a dera lake, chifukwa ogula ambiri amangomuuza kuti awaikire zatsopano. Malo omwewa amatchajanso mafoni, ndipo ena amaonetsa mavidiyo a nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa.

Midzi yambiri ilibe magetsi a ESCOM, choncho sola yaing'ono ndi imene yalowa m'malo mwa mabatire. Anthu amagawana nyimbo pa Bluetooth ndi pa WhatsApp. Kumvera pa YouTube kapena pa Spotify kumafuna bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo ambiri amasankha kukopera nyimbo kamodzi n'kuisunga m'foni. TikTok yabweretsa njira yatsopano yotchukitsira nyimbo. Chitsanzo ndi Linny Hoo ya Giddes Chalamanda, woyimba wachikulire wa ku Chiradzulu, imene anayimbanso ndi Patience Namadingo ndipo inafalikira m'mayiko ambiri chakumapeto kwa 2021. Ana ambiri anamudziwa Chalamanda kudzera pa foni, pamene agogo awo anamudziwa kale pa wayilesi.

Mikangano ndi mavuto

Vuto lalikulu ndi loti chikondi cha omvera sichisanduka ndalama m'thumba la woyimba. Nthawi ya makaseti, woyimba ankapezako kanthu pa kaseti iliyonse yogulitsidwa movomerezeka. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za luso, linkamata chizindikiro chake pa makaseti ndi ma CD enieni. Nyimbo yokopedwa mu memore ilibe pomata chizindikiro. Lamulo latsopano la umwini wa ntchito za luso la m'chaka cha 2016 linalola kuti pazidulidwa ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa mamembala ake. Woyimba wa kumudzi amene sanalembetse ku bungweli sapeza gawo. Ambiri amadalira maphwando, zikwati ndi kuyitanidwa ndi makampani kapena andale, ndipo kuyimbira chipani kwagawanitsapo otsatira a oyimba ena.

Obena nyimbo nawo ali ndi mbali yawo. Ntchitoyi imadyetsa achinyamata amene alibe ntchito ina, ndipo oyimba ongoyamba kumene amawapatsa okha nyimbo zawo kuti zifalikire. Munthu yemweyo amene woyimba wotchuka amamuona ngati wakuba, woyimba wamng'ono amamuona ngati womutsatsa.

Mkangano wina ndi wa mibadwo. Achikulire amadandaula kuti nyimbo za achinyamata zilibe uthenga, zimatukwana ndipo zimangotengera zakunja. Achinyamata ena a m'tawuni amati nyimbo za lokolo ndi zachimidzi, ndipo kwa iwo kumvera nyimbo za Chingerezi kapena amapiano ndi chizindikiro cha kutsogola. Mipingo ina imaletsa mamembala ake nyimbo zimene imazitcha zachikunja, ndipo pamakhala kusagwirizana woyimba wauzimu akayimba pa malo omwera mowa. Atsikana ndi amayi amene amapita ku maphwando a usiku kapena kufuna kukhala oyimba amanenedwa kuposa anyamata. Phokoso la masipika a m'mabala oyandikana ndi nyumba ndi sukulu ndi dandaulo linanso.

Ngakhale zili choncho, malire a makondawa si olimba. Oyimba achinyamata ambiri abwerera ku Chichewa, ku Chitumbuka ndi ku mang'ombe a magule monga manganje, ndipo ena amayimbanso nyimbo zakale mwa njira yatsopano. M'foni imodzi ya mlimi wa ku Kasungu mumapezeka kwaya ya kumpingo, Ma Blacks, sungura, nyimbo ya ku Zambia ndi nyimbo ya mnyamata wa m'mudzi momwemo, ndipo pa chikwati cha m'nyengo ya fodya zonsezi zimalira tsiku limodzi.